Magetsi opanga tokha: batire lisafe msanga

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Moni wapadera kwa inu a pa Chimbiya, a ku Linthipe, ndi inu a m'midzi yomwe ili kutali ndi msewu wa M1, kumene mapolo a ESCOM sanafike. Amayi, abambo, achinyamata, senderani pafupi ndi wailesi. Amene muli ndi cholembera chikhale pafupi, chifukwa lero muli manambala angapo ofunika kusunga.

Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anaonetsa kuti mabanja oposa theka m'Malawi muno amaunikira ndi mabatire, pamene ounikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 pa mabanja 100 alionse. Choncho batire ndi nkhani ya pafupifupi khomo lililonse. Pa tsiku la msika pa Chimbiya muziona njinga zikubwera ndi matumba a mbatatesi, koma pa kaliyala wa zina pamakhala batire la galimoto lomangidwa ndi mphira, likupita kokatchajitsa. Mwini wake walipira ulendo, walipira kotchaja, ndipo sabata isanathe batire latha moto, ulendo wayambanso. N'chifukwa chake achinyamata ambiri amafunsa kuti: kodi sindingapange ndekha makina otchajira? Nanga batire lomwe lafooka, sindingalidzutse?

Mungathe kupanga. Anzathu anapanga, ndipo tiwatchula. Koma ndikufuna ndinene poyamba chomwe chili pamtima panga. Pa zipangizo zonse za magetsi a pakhomo, chodula ndi batire, ndipo chomwe chimafa msanga ndi batire lomwelo. Ambiri timataya miyezi tikukonza makina otchajira, batire osaliganizira. Makina abwino si amene akuzungulira mwamphamvu anthu n'kumaombera m'manja. Ndi amene akudyetsa batire moyenera mpaka likhale zaka.

Tiyambe ndi Kasungu. William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe, anabadwa mu 1987. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake analephera kumulipirira fizi ndipo anasiya sekondale. Anayamba kubwereka mabuku ku laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulaimale, n'kupezamo buku lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake panali chithunzi cha makina oyendera mphepo. Anatola chikupizo cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki omwe anawawamba pamoto n'kuwaphwatalitsa kuti akhale mapiko, felemu ya njinga ya bambo ake ndi dayinamo, n'kuzikweza pa nsanja ya mitengo ya bulugama. Babu linayaka. Mu 2007 anakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 buku la mbiri yake linatuluka, ndipo mu 2019 Chiwetel Ejiofor anapanga filimu ya nkhaniyi. Zimenezo ambiri mukuzidziwa.

Chomwe sichitchulidwa kawirikawiri ndi chakuti William sanalekere pa babu loyaka. Anaika batire la galimoto kuti lizisunga moto mphepo ikaleka. Ndipo poopa kuti mawaya akagundana nyumba yofolera ndi udzu ingapse, anapanga yekha chodulira magetsi pogwiritsa ntchito misomali, waya ndi maginito. Ine ndimaona luso lake lenileni pamenepo.

Kumpoto, m'mudzi wa Yobe Nkosi, kuli Colrerd Nkosi. Iyeyu atabwerera kumudzi kuchokera ku sekondale mu 2006, anayamba kuyesa ndi dayinamo ya njinga pa mtsinje wa pafupi ndi kwawo. Kenako anagwiritsa ntchito kompuresa ya firiji yakale, pambuyo pake mota ya makina otongolera chimanga, mpaka nyumba za anansi ndi sukulu zinalandira magetsi. Onse awiri anayambira pa dayinamo ya njinga, ndiye nafenso tiyambire pomwepo.

Mukatsegula dayinamo mupezamo zinthu ziwiri basi: maginito ndi waya wa kopa wokulungidwa. Maginito akamazungulira pafupi ndi wayayo, mu waya mumabadwa magetsi. Michael Faraday anazindikira zimenezi ku England mu 1831, ndipo makina a EGENCO ku Nkula ndi ku Kapichira amagwira ntchito pa mfundo yomweyo. Kusiyana kwake ndi kukula. Pa dayinamo ya njinga pamalembedwa 6V ndi 3W, kutanthauza mavoliti 6 ndi mawati 3. Mukaizunguliza mofulumira mavoliti amakwera kupitirira 12, koma mphamvu yake imakhalabe yochepa, yokwanira wailesi ndi kababu ka LED.

Tsono mverani bwino apa, chifukwa ndi pomwe ambiri amaphera mabatire. Dayinamo ya njinga imatulutsa magetsi opita uku ndi uku, omwe amisiri amati AC. Batire limalandira magetsi oyenda njira imodzi, a DC. Mukalumikiza dayinamo ku batire mwachindunji, moto umalowa n'kutulukanso, batire osapindula kanthu. Pakati pake pamafunika madayodi anayi olumikizidwa pamodzi, omwe okonza mawailesi amawatcha rectifier. Amapezeka m'mawailesi ndi m'ma TV akufa, ndipo aliyense wokonza mawailesi pamsika angakuonetseni. Ngati makina anu ndi mota ya DC, monga ya chikupizo cha rediyeta ya galimoto, dayodi imodzi yaikulu ikufunikabe. Popanda iyo, mphepo ikangoleka batire limayamba kuzunguliza mota ija, ndipo moto wonse womwe munasunga masana umatha usiku.

Chachiwiri, magetsi ali ngati madzi a mu ngalande ya kudimba: amayenda kuchokera pokwera kupita potsika. Batire la mavoliti 12 silingatchajidwe ndi makina otulutsa mavoliti 12. Pamafunika pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kutsika apo batire silidzaza. Kupitirira apo kwa nthawi yaitali madzi a m'batire amawira n'kuphwa, mapuleti n'kuonongeka. Ntchito yoletsa kupitirira ndi ya kontirola. Imagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za sola, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi batire lomwe ikuteteza. Ndiyeno fyuzi. Ikani fyuzi pa waya wofiira, pafupi penipeni ndi batire. Batire la galimoto likhoza kufiiritsa waya ngati khala m'kanthawi kochepa mawaya akagundana.

Achinyamata ambiri amathamangira alternator ya galimoto chifukwa imapezeka m'magalaja. Pa mphepo imakhumudwitsa. Ilibe maginito okhalitsa, imadya kaye moto wa batire kuti iyambe kupanga wake, ndipo imafuna kuzungulira maulendo oposa 1,000 pa mphindi, liwiro lomwe mapiko a mphepo safika popanda mapule ndi malamba ambiri. Funani mota yokhala ndi maginito mkati. Kuiyesa kwake n'kosavuta: lumikizani kababu ku mawaya ake, zungulizani ndi dzanja. Kakaphethira, motayo ndi yothandiza.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tabwereranso, omvera. Tsopano tiwerengere pamodzi, kuti munthu asanagule chitsulo chilichonse adziwe zomwe angayembekezere.

Batire lolembedwa 12V, 70Ah, likadzaza limasunga mphamvu yokwana mawati 840 kwa ola limodzi. Tangochulukitsa 12 ndi 70. Koma monga timve posachedwa, sitiyenera kumwa kupitirira theka, ndiye tinene 420. Munthu wamphamvu wopalasa njinga yoimika pa chitsulo, tayala la m'mbuyo likukoka mota ndi lamba, angatulutse mawati 60 kapena kuposerapo pang'ono osatopa msanga. Kuti abwezere 420 aja, apalasa maola 7, ndipo chifukwa mphamvu ina imatayika m'njira, tinene 9. Palibe amene angachite zimenezo tsiku ndi tsiku atachokera kumunda. Koma foni imangofuna mawati 10 mpaka 15 kwa ola limodzi. Theka la ola pa njinga laika m'batire moto wokwanira foni ndi tochi. Choncho njinga yopalasa ndi ya mafoni, wailesi ndi nyali, osati ya TV ndi firiji.

Mphepo ndiye tili nayo kuno ku mapiri a Dedza, makamaka mwera wa June ndi July. Mphepo ili ndi khalidwe lake: liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kasanu ndi katatu. N'chifukwa chake malo amaposa kukongola kwa mapiko. Makina omwewo akaikidwa kuseri kwa nyumba ndi mitengo ya mango sapereka kanthu, koma pamtunda poyera, pa nsanja yopitirira madenga ndi mitengo, amatchaja. Kuwirikiza komweko ndi kumene kumathyola mapiko tsiku la chimphepo. Musachotse batire mapiko ali pa liwiro, chifukwa akasowa katundu wokoka amathamanga mopenga. Pa chifukwa chomwechi, kontirola ya sola si yoyenera pa mphepo: batire likadzaza iyo imangodula njira. Ya mphepo imapatutsira moto wotsala ku chinthu china chodya magetsi, monga mababu akuluakulu a galimoto. Nyengo ya ziphaliwali ikafika, chotsani mawaya olowa m'nyumba.

Amene muli pafupi ndi kamtsinje kotsetsereka, inu ndiye muli ndi mwayi, popeza madzi sagona usiku. Tengani ndowa ya malita 20. Ngati ikudzaza m'masekondi 4, ndiye kuti pakudutsa malita 5 pa sekondi. Yezani kutsika kwa madzi kuchokera pomwe paipi ikuyambira kufika pomwe pakhale makina, tinene mamita 4. Chulukitsani malita ndi mamita, kenako ndi 5. Mupeza mawati pafupifupi 100. Aoneka ochepa, koma akubwera usana ndi usiku, ndipo pa tsiku akwana kudzaza mabatire angapo. Muyeze mu October madzi atachepa, osati mu February. Ndipo musanatseke kapena kupatutsa madzi, kambiranani ndi amfumu komanso eni madimba a kumunsi.

Pali chinthu china chomwe chikudyera achinyamata athu ndalama, ndipo chimandiwawa. Pa Facebook, pa TikTok ndi pa YouTube pali mavidiyo oonetsa batire likuzunguliza mota, mota ikuzunguliza alternator, alternator n'kumatchaja batire lomwe lija, akuti magetsi aulere osatha. Abale anga, zimenezo ndi zabodza. Makina alionse amabweza mphamvu yochepa kuposa yomwe alandira, ina imathera m'kutentha ndi m'kukhulana kwa zitsulo. Mukamanga zoterozo batire lingotha msanga kuposa mukadalisiya. Mphamvu iyenera kuchokera kunja: ku dzuwa, ku mphepo, ku madzi, ku mafuta kapena ku miyendo yanu.

(Nyimbo pang'ono)

WOULUTSA: Tafika pa batire lenilenilo. Batire la asidi ndi mtovu analipanga Gaston Planté wa ku France mu 1859, ndipo mpaka lero kapangidwe kake sikanasinthe kwambiri. Mkati muli zipinda zisanu ndi chimodzi, chilichonse chopereka mavoliti 2 ndi pang'ono. M'chipinda chilichonse muli mapuleti a mtovu omizidwa m'madzi osakaniza ndi asidi. Mukamagwiritsa ntchito moto, pa mapuleti pamamera zoyera zotchedwa sulphate. Mukatchaja msanga zimasungunuka n'kubwerera m'madzi. Mukalisiya batire lopanda moto kwa masabata, zoyerazo zimauma gwa, ndipo malo omwe zaphimba sagwiranso ntchito. Mabatire ambiri a m'midzi amafa imfa imeneyi. Timamwa moto mpaka wailesi itasiya kuyankhula, batire n'kukhala pakona kudikira tsiku la msika, kotchajako n'kulichotsa lisanadzaze chifukwa mwini akufulumira kapena magetsi azima.

Apa ndi pomwe makina a pakhomo amapambana, ngakhale ang'onoang'ono. Batire lomwe likulandira pang'onopang'ono tsiku lililonse limakhala nthawi yaitali kuposa lomwe limadzazidwa kamodzi pa sabata n'kukamulidwa mpaka kuuma.

Chida choyamba kugula, musanagule mota kapena paipi, ndi mita yoyezera magetsi, ija amisiri amati malitimita. Lembani manambala awa. Batire likapuma maola angapo osatchajidwa komanso osagwiritsidwa ntchito, 12.6 kapena 12.7 ndiye kuti ladzaza. Pa 12.2 lili pakati, zimitsani zinthu, litchajeni. Pa 12.0 mwapitirira kale malire. Kufika pa 11 mukulipha. Batire la galimoto lili ndi mapuleti opyapyala, analipangira kuliza injini kamphindi n'kudzazidwanso pomwepo, ndiye kukamulidwa kumalipweteka msanga kuposa batire la sola lolembedwa deep cycle. Ndiponso m'miyezi yozizira kuno kwathu batire limaoneka lofooka m'mamawa. Kuzizira kumachedwetsa ntchito ya asidi. Musafulumire kuligulitsa kwa ogula zitsulo, kukafunda libwerera.

Nanga lofooka lingadzuke? Lina inde, lina ayi. Chitani motere. Liyang'aneni kaye. Ngati latupa m'mbali, lang'aluka kapena likudontha, ntchito yake yatha. Ngati lili bwino, tsukani mitu yake ndi madzi osungunulamo soda, yemwe uja wophikira therere, kusamala kuti asalowe mkati. Tsegulani zotsekera, suzumirani ndi tochi, osati ndi machesi. Mapuleti akaonekera, thirani madzi a batire ogula m'botolo mpaka amire. Madzi a pa mjigo kapena pachitsime ali ndi mchere womwe umaononga mapuleti. Asidi musaonjezere, chifukwa chomwe chimaphwa ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Kenako litchajeni ndi moto wochepa, maampu 2 kapena 3, kwa tsiku lathunthu ngakhale masiku awiri kapena atatu, zotsekera zili zomasula. Muzilikhudza m'mbali. Likatentha, lipumitseni. Mukatha lisiyeni usiku wonse, m'mawa muyeze. Likaonetsa 12.4 kapena kuposa, lumikizani babu la kutsogolo kwa galimoto muone ngati nambala ikutsika pang'onopang'ono. Likatero ladzuka, ngakhale silibwerera mwakale. Koma likakakamira pa 10.5, ndiye kuti chipinda chimodzi chafa, ndipo palibe msing'anga wa zimenezo.

Ndimamva ena akuti thiranimo aspirin, ena akuti Coca-Cola, ena mchere. Mita ikhoza kudumpha tsiku limenelo, koma mapuleti mwawadyetsa dzimbiri. Batire lomata, lopanda zotsekera, musaliboole. Ndipo mabatire a tochi wamba, monga a Tiger Head, sanapangidwe kuti azitchajidwa. Kuwaika padzuwa kumangofinya kamoto kotsalira, ndipo kuwalumikiza ku chotchajira kumawaphulitsa kapena kuwadonthetsa. Ana asamawalume.

Potchaja, batire la asidi limatulutsa mpweya wa hydrogen. Suoneka, sununkha, koma ukakumana ndi kamoto umaphulika, asidi n'kuwazikira kumaso. Musatchajire m'chipinda chogona, musasute fodya pafupi, koloboyi ndi mbaula zikhale kutali. Chizolowezi chogunditsa mawaya awiri kuti tione ngati muli moto tichisiye, mita ilipo. Asidi akagwera m'maso, tsukani ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi zosachepera 15, kenako thamangirani kuchipatala.

Mabatire a mafoni, a malaputopu ndi a nyali zambiri za sola ndi mtundu wina, wa lithium. Kabatire kamodzi kamakhala ndi mavoliti 3.7 ndipo malire ake potchaja ndi 4.2. Kupitirira apo kakhoza kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Musalumikize foni kapena batire lake ku dayinamo, ku panelo ya sola kapena ku batire la galimoto mwachindunji. Njira yabwino ndi iyi: makina anu atchaje batire la 12V, ndipo foni itchajidwe kuchokera pa batirelo kudzera pa tchaja ya m'galimoto, yomwe imatsitsa moto kufika pa mavoliti 5. Achinyamata amene mumaphwasula mabatire a malaputopu kuti mutengemo timabatire tozungulira ta 18650, yezani kalikonse pakokha. Kotsika kupitirira mavoliti 2.5, kotupa, kadzimbiri kapena kotentha potchaja, kaikeni pambali. Otsalawo atchajeni kudzera pa kabolodi koteteza, atakhala pa simenti kapena pa njerwa, inu muli pomwepo.

M'boma lathu lomwe lino, ku Golomoti kumunsi kwa mapiri, kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 omwe anayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo ali ndi mabatire akuluakulu a lithium osungira moto. Ku Mthembanji nako kuli magetsi a dzuwa a mudzi omwe anayamba mu 2020, nawonso odalira mabatire. M'malo onsewa muli makina oyang'anira mabatirewo usana ndi usiku, kuti asadzaze mopitirira, asathe mopitirira, asatenthe. Ntchito yomwe makinawo amagwira ndi yomwe mita, kontirola ndi fyuzi zikugwira pakhomo panu.

Mawu awiri okhudza malamulo ndi chitetezo cha anzathu. Makina opanga nokha, ngakhale jenereta yogula, musawalumikize ku mawaya a nyumba yomwe ili pa magetsi a ESCOM, chifukwa moto umabwerera m'nthambo ndipo ukhoza kupha wogwira ntchito pa polo. Ngati mukufuna kukoka mawaya kupita kwa anansi n'kumalipiritsa, kafunseni kaye ku MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu, za chilolezo ndi kakokedwe koyenera.

Batire likafa ndithu, musaliswe pakhomo. Mtovu ndi poizoni, ndipo umaononga kwambiri ubongo wa ana aang'ono, mwakachetechete, kudzera m'fumbi ndi m'manja osasamba. Musausungunule m'mapoto, asidi musamutaye pafupi ndi chitsime kapena kudimba, ndipo chikho cha batire musasungiremo madzi kapena chakudya cha nkhuku. Liperekeni lathunthu, lotseka, kwa ogulitsa mabatire omwe amalandira akale mukamagula latsopano. Podikira tsikulo, liikeni pamthunzi, pomwe ana safika.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzakambirana za kukula kwa panelo ya sola yoyenerana ndi batire lanu, ndi kunenepa kwa waya wofunika pakati pake. Amene muli ndi mita, yezani batire lanu m'mawa uliwonse sabata ino musanayatse kanthu, mulembe manambalawo, tidzawagwiritse ntchito.

(Nyimbo yotsekera)